Torvalds sakuvuta: commit yopanda chifukwa ibwezedwe

Mu Okutobala 2024, polengeza mtundu woyesera wa 6.12-rc2 wa Linux, pulogalamu yoyendetsa makompyuta yomwe anaiyambitsa, Linus Torvalds anaphatikizapo kadandaulo komwe kanautsa mtsutso pakati pa olemba mapulogalamu. Anapempha akuluakulu omwe amamutumizira ntchito kuti asiye kulemba mauthenga ofotokoza ntchitoyo mozungulira, mokhala ngati vuto linadzikonza lokha, koma azilemba molamula: "Fix" chakutichakuti, n'kuthera pomwepo. Mwiniwakeyo anavomera kuti si nkhani yaikulu, kungoti amatha nthawi akuwongola ziganizo za anzake kuti mbiri ya Linux izimveka ngati yalembedwa ndi dzanja limodzi. Ena anaseka, amvekere mkuluyu wasowa chochita, wasanduka mphunzitsi wa galamala. Ine ndili kumbali yake, ndipo ndikufuna kupitirira pomwe iye analekezera. Commit (kusintha kwa code komwe wolemba wasunga pamodzi ndi uthenga wake) yomwe sikunena chifukwa chomwe yapangidwira ndi ntchito yosatha, ndipo amene akuiunika ayenera kuibweza kwa mwini wake ngakhale code yake ikuyenda bwinobwino.

Kwa inu amene Git simuidziwa kwenikweni, nkhani yake ili motere. Git ndi pulogalamu yosunga mbiri ya code, yomwe Torvalds yemweyo analemba mu Epulo 2005, anthu a Linux atalandidwa mwayi wogwiritsa ntchito mwaulere BitKeeper, chida chomwe ankasungira mbiriyo. Nthawi iliyonse mukasunga zomwe mwasintha, Git imalemba yokha zomwe zasinthazo, dzina lanu ndi nthawi yake. Chimodzi chokha ndicho imakusiyirani, uthenga wofotokoza, ndipo ndi pokhapo pomwe nzeru za munthu zimalowera mu mbiriyo. Kalembedwe komwe ambiri amatsata, komwe Tim Pope anakalongosola bwino mu 2008, si kovuta. Mzere woyamba ukhale waufupi, wa zilembo pafupifupi 50, wonena chomwe commit ikuchita. Kenako musiye mzere wopanda kanthu, n'kulemba ndime yofotokoza vuto lomwe linalipo ndi chifukwa chomwe mwasankhira njira imeneyi, mizere yake yosapitirira zilembo 72. Manambalawa sanangotoledwa panjira. Mzere woyamba ndi womwe umaoneka wokha pa git log --oneline, lamulo loonetsa mbiriyo mwachidule, ndiwonso umasanduka mutu wa imelo mukatumiza ntchito ndi git format-patch monga amachitira a Linux, choncho ukatalika suoneka wonse. Komanso git log imakankhira uthenga mkati ndi mipata 4, ndiye 72 imakwana bwino pa sikirini ya zilembo 80. Kulemba molamula nako kuli ndi pogwira: Git ikamadzilembera yokha imati "Merge branch" kapena "Revert", kotero uthenga wanu ukayamba ndi "Fix" kapena "Add" umayenda mofanana ndi anzakewo.

Tsono tiyerekeze pulogalamu yolandira fizi ya sukulu kudzera pa foni. Mkati mwake muli mzere wouza kompyuta kuti idikire masekondi 90 isanafunsenso kampani ya foni ngati ndalama yalowa. Mnyamata wolembedwa ntchito kumene wauona mzerewo ndipo wadabwa, kholo liime mphindi ndi theka pakaunta chifukwa chiyani? Wayendetsa git blame, yomwe imaonetsa commit yomaliza kukhudza mzere uliwonse, n'kupeza uthenga wakuti "fix". Palibe chomuletsa. Watsitsa 90 uja kufika pa 5, ndipo ofesi yonse ikumuyamika kuti sisitimu yayamba kuthamanga. Ikafika sabata yotsegulira sukulu netiweki yadzaza, yankho la kampani likuchedwa, pulogalamu ikuyesa kuti malipiro alephera n'kutumizanso pempho, ndipo makolo ena adulidwa ndalama kawiri. Bwererani pa git blame paja, muyerekeze kuti anapeza "Wait 90s before retrying payment", pansi pake pali ziganizo zitatu: netiweki ikadzaza yankho limachedwa kupitirira mphindi, kufunsanso msanga kunadulitsapo anthu kawiri, nambalayi itsitsidwe pokhapokha pempho lililonse litapatsidwa chizindikiro chakechake choti lisalipiridwe kachiwiri. Mnyamata uja akanausiya mzerewo, kapena akanakonza vuto lenilenilo, lomwe uthengawo wamulozera kale. Zili ngati kabuku ka kuchipatala. Dokotala akangolemba dzina la mankhwala atsopano osanena kuti akale wawasiyiranji, mnzake wa kuchipatala china adzakubwezerani pa mankhwala omwe anakutupitsani thupi, ndipo simungamuimbe mlandu.

Otsutsa ali nazo mfundo, ndipo zina si zopepuka. Yoyamba, yomwe mumaimva ngakhale kwa akatswiri enieni, ndi yakuti kompyuta siwerenga mauthenga. Chomwe chimayenda ndi code, code yolembedwa bwino imadzifotokoza yokha, ndipo wofuna kudziwa chomwe chasintha aone diff, mndandanda wa mizere yomwe yasinthidwa. Mbali ina n'zoona, n'chifukwa chake uthenga wongobwereza diff, wakuti ndasintha 5 kukhala 90, ndi wachabe chimodzimodzi ndi "fix". Koma diff siingakuuzeni za njira ziwiri zomwe munthu anayesa n'kuzitaya. Siingakuuzeni kuti lamulo latsopano la msonkho ndi lomwe linakakamiza kusinthako, kapena kuti ichi n'chongogwirizira poyembekezera kuti a mbali ina akonze zawo. Ena amati zimenezo muike mu comment, mawu ofotokoza olembedwa mkati mwa code. Pena n'koyenera, koma nanga mzere womwe wachotsedwa mudzauikira comment pati? Komanso comment imakalamba: code yoizungulira imasintha, iyo n'kutsala ikunena zakale, pomwe uthenga wa commit umakhala womangika ku kusintha komwe unalembedwera, ndi tsiku lake pomwepo. Phindu lake limaoneka bwino pa git bisect. Chidachi chimagawa mbiri pakati mobwerezabwereza pofufuza pomwe vuto linalowera, moti pa ma commit 1,000 chimakufikitsani pa wolakwayo mutayesa maulendo pafupifupi 10 okha. Chikakufikitsani pa commit yaing'ono yofotokozedwa bwino, mumadziwa pomwepo ngati n'kotheka kuibweza popanda kudzutsa vuto lina. Chikakufikitsani pa "changes" yokhudza mafayilo 40, ntchito yayambiranso. Ndipo apa pali chinthu chomwe otsutsa sachiwerengera: munthu akamayesa kulemba mzere umodzi wa zilembo 50 n'kupeza kuti "and" akulowamo katatu, amazindikira yekha kuti wasakaniza ntchito zitatu mu commit imodzi. Uthenga umakonza kagawidwe ka ntchito usanafike n'komwe kwa owerenga.

Mfundo yachiwiri ndi ya nthawi, ndipo ndimaimvetsa. Bwana akufuna sisitimu Lachisanu, magetsi athima kuyambira m'mawa, batire la laputopu likutha, ndiye munthu akhale pansi kupeka ndime? Choyamba, palibe akukupemphani ndime pa chilichonse. Mwakonza chilembo cholakwika pa batani, mzere umodzi wakwana. Chachiwiri, Git imasunga ma commit pa kompyuta yanu, sifuna intaneti, ndipo palibe akuwaona mpaka mutawatumiza. Lembani "wip" (ntchito ikadali mkati) kambirimbiri pomwe mutu uli pa ntchito, si mlandu. Musanatumize kwa anzanu, git rebase -i imakulolani kuphatikiza tizidutswa tonse n'kulemba uthenga umodzi womveka, ndipo git commit --amend imakonza womaliza. Chomwe ndikukana ndi kutaya "wip" zija mu branch (nthambi ya mbiriyo) yomwe gulu lonse lidzadalire. Chachitatu, nthawiyo simwaipulumutsa ayi, mwangoikankhira kwa wina, itachuluka. Mphindi zitatu zomwe mukanalemba zomwe zili kale m'mutu mwanu zimasanduka tsiku lathunthu kwa munthu yemwe sanakhalepo pamsonkhano pomwe zinagwirizanidwa. Kuno kwathu izi zimapweteka kuposa kwina, chifukwa masisitimu ambiri amamangidwa ndi ndalama za pulojekiti ya zaka zochepa. Pulojekiti ikatha kontirakiti imatha, amene analemba code apita ku ntchito ina, ena ali ku Johannesburg nambala anasintha, ndipo sisitimu yatsala m'manja mwa anyamata awiri a mu ofesi ya IT. Lipoti losiyirana ntchito limanena momwe mungayatsire seva. Silinena kuti mzere wa 90 uja unabwera bwanji.

Ena amavomera zonsezi koma amati chifukwacho chinalembedwa kale kwina: mu tikiti yolembapo vuto, mu zokambirana za pull request (pempho loti ntchito yanu ilowe mu pulojekiti), kapena pa gulu la WhatsApp. Ndiye uthenga ungoti "closes #214", wofuna zambiri akatsegule tikitiyo. Kuloza ku tikiti n'kwabwino, ndipo pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, mawu otere amatseka tikitiyo okha. Vuto n'lakuti tikitiyo ili m'nyumba ya eni. Google Code, malo a Google osungirako code, itatsekedwa mu 2016, mapulojekiti omwe anasamuka ananyamula mbiri ya ma commit pamodzi ndi code mosavuta, pomwe matikiti, omwe sanali mbali ya mbiriyo, anafunika chida chowasamutsa. Kampani yaing'ono ikasiya kulipira chida chake cha matikiti, kapena ikasintha n'kuyamba china, "#214" uja amaloza kopanda kanthu. Za WhatsApp sindinena zambiri, foni ikagwera m'madzi yapita ndi mbiri ya sisitimu. Chonsecho aliyense amene wapanga git clone, kutanthauza kukopera pulojekiti yonse, ali ndi mauthenga onse pa kompyuta yake, ndipo atha kuwafufuza ndi git log --grep ngakhale bando itatha. N'chifukwa chake Torvalds, mu Sepitembala 2021, atalandira driver wa NTFS (code yothandiza Linux kugwiritsa ntchito madisiki a Windows) wochokera ku Paragon Software kuti alowe mu Linux 5.15, anadandaula poyera kuti ma merge (kuphatikiza ma branch) opangidwa ndi batani la GitHub ndi opanda ntchito: uthenga wake unkangonena kuti branch iyi yalowa mu iyo, osanena kuti chalowa n'chiyani komanso chifukwa chiyani. A Linux amachita zosiyana. Commit yokonza vuto imakhala ndi mzere wa "Fixes:" wotchula zilembo zoyambirira zosachepera 12 za nambala ya commit yomwe inabweretsa vutolo, ndipo osamalira ma kernel (mtima wa Linux) akale amaonera pamenepo kuti ndi ati akufunika mankhwalawo. Zonse zili mkati mwa mbiri, sizidalira kampani ina kuti ikhalepo mawa.

Mfundo yomwe yatchuka masiku ano ndi yakuti AI ilembe. GitHub Copilot ndi zida zina zili ndi kabatani kolemba uthenga poyang'ana zomwe mwasintha, ndipo Chingerezi chake chimatuluka chosalala, chokhala ndi timizere tandondomeko. Ndiye tikanganiranji? Taonani chomwe chidacho chapatsidwa: diff. Chimaona kuti 5 wasanduka 90, n'kulemba mwaulemu kuti nthawi yodikira yawonjezedwa kuti sisitimu ikhale yodalirika. Sichinamve foni ya bursar wa pasukulu akudandaula kuti makolo adzaza pakhomo. Chomwe chimalemba bwino ndi gawo lomwe owerenga akanaliona okha, ndipo gawo lomwe timalifunadi mwina chimalisiya, mwina chimalipeka. Kupekako ndiko koopsa, chifukwa "fix" amaoneka kuti ndi wopanda kanthu ndipo munthu amapita kukafunsa, pomwe ndime yosalala yokhala ndi chifukwa chabodza imakhulupiriridwa. Sindikuti chidacho chitayidwe. Chiuzeni vuto lomwe linalipo m'mawu anu, chikuthandizeni kuwongola chiganizo, kenako muwerenge musanasunge. Ndipo pomwe code yambiri ikulembedwa ndi makina, funso lakuti munthu ankafuna chiyani pouza makinawo likukula mtengo, silikuchepa.

Pali mfundo ina yolemera kuposa zonsezi: uthenga utha kunama. Chitsanzo chake ndi xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux iliyonse. Munthu wodzitcha Jia Tan anathandiza pulojekitiyo kwa zaka mpaka anapatsidwa udindo, kenako anabisa khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Mauthenga ake anali aukhondo. Mafayilo omwe ananyamula chiwembucho analowa ngati mafayilo oyesera, ndipo commit ina yomwe inkati ikukonza kafufuzidwe ka chitetezo cha Landlock inali ndi kadontho kamodzi kowonjezera komwe kanazimitsa chitetezocho. Chinamugwira si uthenga. Andres Freund, mmodzi wa olemba pulogalamu ya PostgreSQL, anadabwa kuti kulowa pa SSH, njira yolowera mu kompyuta yakutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, anafufuza, n'kuulula pa 29 Malichi 2024. Otsutsa amati mwaona, mawu okoma sateteza kanthu. Ndikuvomera kuti uthenga si loko, ndipo wounika amene amawerenga uthenga n'kusiya diff sakugwira ntchito yake. Koma mfundoyi ikutsutsa kuunika kwaulesi, osati kulemba. Uthenga womveka ndi lonjezo loti mutha kuliika pambali pa code n'kuona ngati zikugwirizana. Commit ikati ikukonza kafufuzidwe, wounika ali ndi funso loti afunse: tayesani, kakugwiradi ntchito? "Update" sangapezeke wabodza, chifukwa sanalonjeze kanthu. Ndipo chiwembucho chitaululika, anthu anabwerera mu mbiri ya xz commit ndi commit, kusiyanitsa zomwe zinanenedwa ndi zomwe zinachitika, mpaka kadontho kaja kanapezeka n'kuchotsedwa.

Za Chingerezi ndinena mwachidule. Achinyamata ena amalemba "update" osati chifukwa cha ulesi koma manyazi, kuopa kuti chiganizo chawo chisekedwa. Kalembedwe kolamula kamawapeputsira: palibe za nthawi yakale kapena yamtsogolo, ndi "Add", "Remove", "Fix" ndi dzina la chinthu. Mu ndime yofotokoza, Chingerezi chothyoka chonena chifukwa chenicheni chimaposa chosalala chosanena kanthu. Ndipo ngati gulu lonse ndi lolankhula Chichewa ndipo code sidzatuluka kunja, Git siletsa kulemba m'Chichewa. Mungogwirizana chimodzi, osasakaniza mwachisawawa.

Pomwe ndimasiyana ndi anzanga a mbali yangayi ndi pa nkhani ya malamulo. Magulu ambiri atenga Conventional Commits, kalembedwe kochokera ku malangizo a pulojekiti ya Angular, komwe uthenga umayamba ndi "feat:" pa chinthu chatsopano, "fix:" pa kukonza, ndipo "BREAKING CHANGE" imachenjeza kuti zakale zisweka. Kali ndi ntchito yake: makina amawerenga timawuti n'kudziwa nambala yomwe version yotsatira itenge, n'kulembanso okha mndandanda wa zosintha. Ngati mukutulutsa laibulale ya code yomwe ena amadalira, katengeni. Koma ndaonapo mbiri zomwe mzere uliwonse ukutsata lamuloli, chida choyendera mauthenga chikuvomereza zonse, chonsecho mauthengawo ndi "fix: fix bug" ndi "chore: updates". Gulu likudzitama kuti lili ndi dongosolo, pomwe funso la mnyamata uja silinayankhidwe. Linux ndi Git yeniyeniyo satsata Conventional Commits. Amayamba ndi dzina la dera lomwe lakhudzidwa, monga "net:" kapena "mm:", ndipo mphamvu zawo amaziika pa ndime yofotokoza. Choncho kufanana komwe ndikukufuna si kwakuti dziko lonse litsate lamulo limodzi. N'kwakuti mukalowa mu pulojekiti muyambe mwawerenga git log, muone momwe eni ake amalembera, n'kulemba chimodzimodzi, kuti diso la owerenga lisamapunthwe mzere uliwonse. Ndi zomwe Torvalds ankapempha, ndipo chida choyendera chingathandize pa zimenezo zokha. Woona ngati chifukwa chalembedwa ayenera kukhala munthu.

N'chifukwa chake ndikuti udindo uli kwa wounika. Sipafunika mwano kapena kalata yaitali. Commit ikabwera yopanda chifukwa, funsani funso limodzi: vuto linali chiyani? Mwini wake adzakuyankhani bwinobwino m'ziganizo ziwiri, pakamwa kapena pa foni, chifukwa akulidziwa. Muuzeni kuti zomwe wanenazo aziike mu commit, kenako muivomereze. Akabwezedwa kawiri katatu sadzadikiranso kufunsidwa. Gulu litha kuikanso commit.template, kafayilo komwe kamatseguka nthawi iliyonse munthu akamalemba uthenga, kokhala ndi mafunso awiri okumbutsa: chinavuta n'chiyani, ndipo mwasankhiranji njira iyi. Chovuta chenicheni pa ife n'chakuti lamuloli liyenera kugwiranso akuluakulu. M'maofesi ambiri amene amatumiza "minor changes" usiku molunjika ku main, branch yaikulu ya pulojekiti, ndi mkulu wa gulu, yemwe mwana wophunzira ntchito (intani) sangayerekeze kumubweza, ndipo ndi yemweyo amene ali ndi zambiri m'mutu zomwe sizinalembedwe paliponse. GitHub ndi GitLab zonse zili ndi njira yotsekera branch kuti pasalowe kanthu wina asanaunike. Itsekeni kwa onse, ndi bwana yemwe, ndipo bwanayo anene pamaso pa gulu kuti wamng'ono akamubweza sipakhala mlandu. Aphunzitsi a m'makoleji nawo ali ndi gawo losavuta: polandira pulojekiti ya wophunzira, asalandire zip fayilo pa flash, alandire repository (code pamodzi ndi mbiri yake ya Git), atsegule git log, ndipo mamakisi ena achokere pamenepo.